Ulendo wa ku Chirimba m'Nyengo ya Chiperoni



Mwezi wa Juni ukafika, chimanga chitatha kulowa m'nkhokwe, dziko lino la mapiri lisanduka lina. Mphepo ichokera kum'mwera chakuvuma, nibwera ndi nkhungu ndi mvula ya mawawa imene tonse tiitcha chiperoni. Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone, limene lili m'dziko la Mozambique kum'mwera kwa Mulanje, pakuti akale adaona kuti mitambo yotere idzera kumeneko. Masiku atatu kapena anayi dzuwa silioneka, zovala siziuma pachingwe, ndipo mbandakucha chisanu chilowa mpaka m'mafupa.

M'masiku otere munthu aliyense afuna moto. Mlonda wa pageti akoleza zikatoni ndi tizidutswa ta matabwa, amayi a pamsika afunda zitenje ziwiriziwiri, ana a sukulu ayenda manja ali m'khwapa, ndipo usiku mabanja ambiri alowetsa mbaula m'nyumba natseka chitseko. Za moto wa m'malo otsekeka ndizo tifuna kukamba nanu mwezi uno, ndipo tikusimbirani zimene tidaona ku Chirimba, kumene mmisiri wina adali kuika hita yakale yoyaka ndi dizilo m'galimoto yogonamo anthu. Kapena ena mudzati: ife galimoto tilibe, nanga nkhaniyi itikhudza bwanji? Pirirani nafe kufikira kumapeto, pakuti ifika ndithu pakhomo panu.

Njira ya ku Chirimba

Munthu wochokera pakati pa mzinda wa Blantyre akafuna ku Chirimba, agwira msewu wa ku Chileka kuyambira pa koloko. Asanapite patali adutsa pafupi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott ndi amisiri a dziko lino adamanga ndi njerwa zowotcha kuyambira mu 1888 kufikira mu 1891, pamalo pamene amishoni a ku Scotland adakhazikika mu 1876. Kuchoka apo apyola Nyambadwe, phiri la Ndirande lili kudzanja lamanja, nafika pa Magalasi. Ndipo kudzanja lamanzere aona phiri la Michiru, lotalika mamita ngati 1,470. Pakati pa mapiri awiriwa pagona Chirimba. Wopitirira afika pa Kameza, pamene msewu ugawika: wina upita ku bwalo la ndege la Chileka, wina ku Lunzu, Zalewa ndi Lilongwe. Njanji yopita kumpoto, imene idafika ku Salima mu 1935, idzeranso dera lomweli.

Chirimba ndi mudzi wa nkhope ziwiri. Mbali ina kuli mafakitale ndi nyumba zazikulu zosungiramo katundu, zozingidwa ndi mipanda ya njerwa, ndi malole olowa ndi kutuluka tsiku lonse. Mbali ina kuli nyumba za anthu zothithikana, msika, timagolosale, ndi tinjira totsetsereka tokumbika ndi madzi a dzinja. M'mawa muona njinga zosenza matumba a makala, atatu kapena anayi panjinga imodzi, eni ake akukankha thukuta lili kamukamu ngakhale kuli chisanu. Makala ambiri a mzinda uno alowera msewu womwewu kuchokera ku Neno ndi ku Mwanza.

Koma chimene chidatikondweretsa koposa ndi amisiri a m'mbali mwa msewu. Pano wina akhoma ndowa, apo wina apinda malata napanga mbaula, patsogolo pang'ono owotcherera alumikiza mafelemu a zitseko, moto wao uli ng'aning'ani. Kuno chinthu sichifa msanga. Poto wobooka aikidwa chigamba, sipuling'i ya lole isanduka chikwanje, tayala lotha lisanduka nsapato ndi zingwe. Ndi nzeru yoyamikika, pakuti ndiyo isunga mabanja osauka. Komatu tidaphunzira kumeneko kuti mmisiri weniweni adziwanso chinthu chimene sichiyenera chigamba.

Mwini galimoto ndi chosowa chake

Kuseri kwa msika, m'bwalo la mpanda wa malata, tidapeza galaja ya bambo wina wa imvi, amene adagwira ntchito ya umakaniko wa malole zaka zambiri. Adatilonjera mwaulemu nati, "Fikani, aphunzitsi, khalani apa, mpando wathu ndi umenewu," natipatsa mpando wochotsedwa m'minibasi.

Pakati pabwalo padaima Toyota Hiace yoyera, imene kale idali kunyamula anthu m'tauni. Mwini wake, bambo wa ku Machinjiri, achita malonda a mbatata ya kachewere ndi kabichi, zimene akagula ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Bembeke. Adachotsa mipando ya kumbuyo, nakhoma bedi la matabwa kuseri kwa mpando wa dalaivala, nasiya malo a matumba. Pakuti wofuna mbatata yabwino ayenera kufika pamsika usiku ndi kugula kusanache. Ndipo kugona m'galimoto kupulumutsa ndalama ya chipinda, kutetezanso katundu kwa akuba. Kawirikawiri mkazi wake apita naye, mwana ali kumbuyo, popeza ndiye adziwa kusankha mbatata ndi kunenerera mtengo. Azungu galimoto yotere aitcha camper, ndipo tiwaona chaka ndi chaka alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya akudutsa nazo popita kunyanja, ku Zomba ndi ku Nyika. Iwo ayenda kukaona dziko, mbale wathuyu ayenda kukafuna chakudya cha ana. Koma chisanu sichisankha.

Ndipo chisanu cha kumeneko si chamasewera. Blantyre ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, koma boma la Dedza lili pafupifupi pa mamita 1,600, ndipo galimoto ndi bokosi la chitsulo limene litaya kutentha msanga kuposa nyumba ya udzu. Kuliza injini usiku wonse kutha mafuta, ndiponso utsi wa injini ukhoza kulowera m'ming'alu ya pansi. Tsono bamboyo adali kulowetsa kambaula ka makala. Mkazi wake adatiuza kuti m'mawa uliwonse wotere adali kudzuka mutu ukuwawa ngati wamenyedwa, miyendo ili lefu, ndipo tsiku lina mwana adavuta kudzuka. Kuyambira pamenepo mayiyo adakana mbaula. Ndicho chifukwa chake mwamunayo adagula hita yakale kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, nabwera nayo ku Chirimba.

Kumene zidachokera hita zimenezi

Hita zoyaka ndi mafuta a galimoto si zachilendo m'maiko ozizira. Ku Germany kuli makampani awiri odziwika nazo. Ina ndi Eberspächer, imene Jakob Eberspächer adayambitsa mu mzinda wa Esslingen mu 1865, ndipo idayamba kupanga zotenthetsera magalimoto mu 1933. Ina ndi Webasto, imene Wilhelm Baier adayambitsa mu 1901. Akuluakulu akumbukira kombi ya Volkswagen, imene idayamba kupangidwa mu 1950, ndipo mtundu wake wina udapangidwa ku Uitenhage ku South Africa kufikira mu 2002. Makombi oyamba injini yao idali kumbuyo, yoziziritsidwa ndi mphepo m'malo mwa madzi, kotero kuti idali kupereka kutentha kochepa kwa okhala mkati. Chifukwa chake ambiri a kumaiko a chisanu adali kuikamo hita ya petulo yoyaka payokha. Lero hita zotere zipezeka kwambiri m'malole a maulendo aatali, mmene madalaivala agona, ndi m'maboti.

Mmisiri asanagwire sipanala adayamba wawerenga kachitsulo kolembedwa kamene kali pathupi pa hita. Adatisonyeza zinthu zitatu. Choyamba, chilembo: pa hita za Eberspächer, D atanthauza dizilo, B atanthauza petulo, ndipo ya mafuta ena siipatsidwa mafuta ena. Chachiwiri, mphamvu ya magetsi: malole aakulu ayendera mavoti 24, koma Hiace iyendera 12, ndipo hita zambiri zakale zichokera m'malole. Chachitatu, chaka chimene idayamba kugwira ntchito. Ziwiri zoyambazo zidagwirizana ndi galimotoyo. Chachitatu chidamukwinyitsa nkhope, pakuti hitayo idali itapitirira zaka 20.

Njira ziwiri za mpweya

Kuti mumvetse nkhawa ya mmisiriyo, tiyenera kulongosola mmene chipangizochi chigwirira ntchito. Kukula kwake ndi ngati buledi wamkulu. Mkati mwake muli chitsulo chotsekeka ponseponse, chimene iye adachitcha mphika wa moto. Pampu yaing'ono ikoka dizilo ku thanki nimdontheza mumphikamo pang'onopang'ono. Pulagi yofiira ndi magetsi iyatsa. Ndipo moto uyaka mkatimo osaoneka. Mpweya umene motowo upuma ulowa ndi paipi yochokera kunja, pansi pa galimoto, ndipo utsi wake utuluka ndi paipi ina, kunja komweko. Iyi ndi njira yoyamba.

Njira yachiwiri ndi ya anthu. Fani ikoka mpweya wa m'galimoto, niupititsa kunja kwa mphika wotenthawo, niubweza uli wofunda. Mpweya wa moto ndi mpweya wa anthu ayenda moyandikana, koma sakumana. Pakati pao pali khoma la chitsulo, ndipo moyo wa ogona m'galimoto utsamira pa khoma limenelo. Hita yaing'ono ya makilowati awiri imwa ngati kota ya lita pa ola ikamayaka mwamphamvu, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a lita ikamayaka pang'ono. Kotero usiku wonse lita imodzi kapena awiri akwanira.

Tsono khoma lija lipsa ndi kuzizira, lipsa ndi kuzizira, kambirimbiri pa chaka, ndipo chitsulo chilichonse chotero chitopa. Nchifukwa chake opanga ake adalamula m'mabuku a hita zakalezi kuti mphika wa moto usinthidwe zikatha zaka 10 chiyambire ntchito, ngakhale uoneke wabwino.

Mmisiri akana

Mnyamata wophunzira ntchito adamasula chikuto, ndipo mwaye wambiri udagwa pa chiguduli. Kunja hitayo idali yosalala, pakuti wogulitsa adaipukuta ndi mafuta. Koma akulu adati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Mmisiri adatsuka mphikawo, natseka pakamwa pa paipi ya utsi, napaka madzi a sopo thupi lonse, napopera mpweya ndi pampu ya njinga. Tonse tidaweramira. Pambali pena, pamene maso sadaone kanthu, padayamba kutuluka tithovu tating'ono, tondondozana ngati mzere wa nyerere.

Mwini galimoto adati, "Bambo, kamng'alu kameneka nkochepa. Owotcherera ali pamsewu pomwepa. Tingopita nayo amatepo."

Mmisiri adapukusa mutu nati, "Achimwene, mukandipatsa ekisozi yobooka ndimata, mukandipatsa chitseko chothyoka ndilumikiza. Koma ichi ayi. Chitsulo chikang'aluka pano chifukwa cha kutopa, ndiye kuti chatopa ponse; tikamata lero, mawa ching'aluka pena, usiku, inu muli m'tulo ndi mayi ndi mwana. Ine dzanja langa siliika chimenechi."

Bamboyo adakwiya, ndipo sitimuweruza, pakuti ndalama imene adagulira hitayo idali phindu la maulendo angapo. Adayendayenda pabwalo, nanena kuti apita kwa mmisiri wina wosavuta. Pamenepo mkazi wake, amene adakhala chete pamthunzi akuyamwitsa, adati motsitsa mawu, "Bambo a mwana, ndalama tidzapeza ina." Mawu adathera pomwepo. Adapangana kuti aitanitse mphika watsopano ndi magasiketi ake kwa mbale wao wa ku Johannesburg, adzabwere pa basi, ndi kuti kufikira tsikulo adzagona ndi mabulangeti okha.

Mpweya wosanunkha

Nanga nchiyani chimene mmisiriyo adaopa? Chinthu chilichonse choyaka, kaya nkhuni, makala, palafini, dizilo kapena petulo, chikapsa pamalo pochepa mpweya wabwino chitulutsa mpweya wakupha umene ophunzira autcha carbon monoxide. Ulibe mtundu, ulibe fungo, sutsokomoletsa, sulowa m'maso. Akulu adati tsoka silinunkha, ndipo pano mwambiwo ukwanira ndendende.

M'zaka za m'ma 1850 katswiri wa ku France, Claude Bernard, adasonyeza mmene mpweyawu uphera. Magazi athu ali ndi ntchito yonyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Koma magaziwo agwira carbon monoxide mwamphamvu koposa ka 200 kuyerekeza ndi mmene agwirira okosijeni. Tsono ngakhale pang'ono pokha mumpweya, pakapita maola, adzaza malo a okosijeni, ndipo munthu afa ndi njala ya mpweya chikhalirecho akupuma. Poyamba mutu uwawa, kenaka chizungulire, nseru ndi kufooka kwa miyendo. Pambuyo pake maganizo asokonezeka, ndipo munthu alephera ngakhale kukwawira kuchitseko. Wogona tulo sazindikira chilichonse. Makanda, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima ndiwo agonja msanga.

Tsokali silisankha wosauka. Mu 1902 mlembi wotchuka wa ku France, Émile Zola, adafa m'chipinda chake chogona mu mzinda wa Paris chifukwa chumuni cha moto wa m'nyumba chidatsekeka. M'migodi ya malasha ya ku Britain mpweya womwewu udapha anthu ambiri, kufikira katswiri wa ku Scotland, John Scott Haldane, adalangiza m'zaka za m'ma 1890 kuti olowa m'mgodi azitenga mbewa kapena kambalame, popeza tamoyo tating'ono tigwa msanga munthu asanamve kanthu. Timbalame totchedwa canary, tofanana ndi mpheta, tidagwira ntchito imeneyi m'migodi ya kumeneko kufikira mu 1986. Lero m'malo mwa kambalame muli kachipangizo ka mabatire, kokwana m'dzanja, kamene kalira mokweza kakamva mpweyawo.

Tsiku loika

Patapita masabata atatu tidamva kuti katundu wafika, ndipo tidabwerera ku Chirimba. Tidapeza hita itamangidwanso ndi mphika watsopano, magasiketi atsopano ndi pulagi yatsopano. Ntchito yoika idatenga tsiku lathunthu, ndipo tilemba mwatsatanetsatane, kuti wina wofuna kuchita chomwecho adziwe zofunsa mmisiri wake.

Adayamba ndi kusankha malo, pansi pa bedi, atasuzumira kunsi kwa galimoto kuti poboola asalase thanki, mawaya kapena mapaipi a mabuleki. Adaboola pansi, napaka utoto m'mphepete mwa mabowo kuletsa dzimbiri, nakhazika hita pa gasiketi yake ya labala, kotero kuti pakamwa pa utsi, pa mpweya wa moto ndi pa mafuta ponse pali kunja, ndipo palibe kampata kolowera utsi mkati. Adaitchinga ndi bokosi la mabowo, nachenjeza mwini wake kuti thumba la mbatata kapena bulangeti lisatseke polowera mpweya, ndi kuti potulukira mpweya wotentha pasayang'ane pulasitiki kapena pogona mwana.

Paipi ya utsi adaisamala koposa zonse. Idali yachitsulo chosachita dzimbiri, yomangidwa zolimba polumikizira. Adaitsetsereka pang'ono kuloza pansi, naboola kabowo pamalo potsikitsitsa kuti madzi a nthunzi azidontha. Adaipititsa kutali ndi paipi ya mafuta, mawaya ndi tayala, pakuti itentha kwambiri. Nsonga yake adaitulutsa kupyola m'mphepete mwa galimoto, kuti utsi usaunjikane kunsi. Ndipo popeza chitseko chokoka cha Hiace chili kumanzere, iye adaitulutsira kumanja, kutali ndi zenera lotseguka, yosaloza kutsogolo kumene mphepo ndi matope zikadalowa. Paipi yokokera mpweya wa moto adailozetsa kwina, kuti hita isamwe utsi wake womwe kapena fumbi la matayala.

Mafuta adatenga ku thanki ya galimoto ndi kapaipi kosafika pansi penipeni, kuti hita isamalize dizilo ndi kusiya munthu patchire. Pampu adaimanga kunsi, pa labala, kukamwa kwake kutadzuka pang'ono, pakati pa madigiri 15 ndi 35 monga buku linena, kuti tithovu ta mpweya tisatsakamire. Pa magetsi adaika fyuzi pafupi ndi batire, ndi waya wonenepa, chifukwa poyatsa pulagi ikoka maampu ngati 10 kwa mphindi zochepa, ngakhale pambuyo pake fani idya pang'ono. Adalangiza batire lachiwiri, kuti m'mawa injini isakane kulira.

Dzuwa litapendeka adayatsa, zitseko zonse zili zotsegula. Pampu idayamba kugunda ngati wotchi ya pakhoma, utsi woyera udatuluka kanthawi, kenaka udatha, ndipo mpweya wofunda udayamba kuuzira. Koma mmisiri sadalole munthu kulowa. Adapachika kachipangizo kochenjeza kaja pafupi ndi kumutu kwa bedi, natseka zitseko ndi mazenera, nasiya hita iyake ola lathunthu mopanda munthu, ife tikusuzumira pagalasi. Nambala idakhala pa 0 osasuntha. Pamenepo ndipo adati, "Mayi, lowani mumve."

Asanawalole kupita adawapatsa malamulo, ndipo adauza mkaziyo kuti awasunge ndiye. Pozimitsa azizimitsa ndi switchi yake, osadula batire, chifukwa fani iyenera kuzungulirabe mphindi zingapo kuziziritsa mphika. Pothira mafuta pa filing'i siteshoni hita ikhale yozima. Asayatse galimoto ili m'galaja yotseka, kapena itaima pa udzu wautali wouma, umene uli ponseponse m'miyezi ino. Mwezi uliwonse, ngakhale m'chilimwe, aziyatsa mwamphamvu kwa mphindi 10 kapena kupitirira. Adaonjeza kuti hita zakalezi zidapangidwira malo osapitirira mamita 1,500. Pamwamba pa apo mpweya uchepa koma pampu ithirabe mafuta omwewo, ndipo mwaye uchuluka. Tsono wogona ku Dedza, kapena ku Nyika kumene kupitirira mamita 2,000, aziyatsa mwamphamvu asanazimitse, ndipo azibwera nayo chaka ndi chaka chisanu chisanayambe kuti itsukidwe. Potsiriza adati zenera limodzi likhale lotsegula pang'ono, ndipo kachipangizo kakalira, ayambe atuluka, mafunso pambuyo.

Mawu kwa a m'nyumba

Tsopano, abale, tiyeni tibwere pakhomo panu. Mwaona kusamala konse kumene mmisiri adachita chifukwa cha kamng'alu kosaoneka ndi maso pa khoma la pakati pa moto ndi mpweya wa anthu. Nanga mbaula? Mbaula ilibe khoma konse, ilibe paipi ya utsi, ilibe chumuni. Mpweya wake wonse utsala m'chipinda momwe mugona. Ambiri akhulupirira kuti makala akafiira, utsi utatha, choopsa chapita. Si choncho ayi. Utsi ndi umene uoneka. Carbon monoxide atuluka makala ali psuu, ndipo achuluka pamene moto uyamba kuzilala ndi kukutidwa ndi phulusa. Nyumba za makolo zidali za udzu, zopuma ndi denga lonse; nyumba zathu za lero ndi za njerwa, simenti ndi magalasi, ndipo m'chisanu titseka ndi nsanza ngakhale kampata ka pansi pa chitseko.

Chifukwa chake tikupemphani izi. Phikani panja, pakhonde kapena m'khitchini yotsegula. Mukaotha m'nyumba madzulo, chitseko kapena zenera likhale lotsegula, ndipo musanagone tulutsani mbaula, ngakhale itsale ndi khala limodzi. Pofuna kufunditsa pogona, thirani madzi otentha m'botolo lotseka bwino, kapena tenthetsani njerwa, muikulunge m'nsalu. Jenereta ya petulo, magetsi akazima, ikhale panja kutali ndi zenera, osati m'khonde lotseka kapena m'bafa. Inu olemba ntchito alonda, taganizani za kanyumba ka pageti: jasi ndi bulangeti zitsika mtengo kuposa bokosi la maliro. Inu madalaivala ndi amalonda ogona m'galimoto pa Zalewa, pa Lizulu kapena pa chipata cha Mwanza, mbaula isalowe m'galimoto.

Ndipo mukaona kuti anthu a chipinda chimodzi adzuka onse mutu ukuwawa, akusanza kapena akudzandira, musayambe kufunsa za chakudya cha dzulo kapena kuloza chala mnansi. Tsegulani zitseko, atulutseni panja pa mphepo, muthamange nao kuchipatala chapafupi, kapena ku Queen Elizabeth kwa inu a mu Blantyre, mukanene poyera kuti adagona ndi makala, kuti apatsidwe okosijeni msanga. Mkaka suchotsa mpweyawu m'magazi, ndipo wokomoka samwetsedwa kanthu. Ngakhale wodwala aoneke kuti watsitsimuka, apite ndithu akaonedwe, makamaka mwana ndi mayi woyembekezera.

Amene mudziwa kuwerenga, werengerani mawu awa agogo ndi anansi amene sadziwa, chisanu chisanathe. Tsalani bwino nonse, ndi ana omwe.